Mayi wa Vitumbuwa Wakana Kukwera Wilibala

Ba Nsama apolisi, mwamuna wanga Ridwan anaphedwa ndi Cephas, mnzake wa ku Matero uja. Anamumenya kunkhongo, anamukankhira m'ngalande ya kuseri kwa chigayo kuno ku Kanyama, n'kutenga laputopu yake. Dzina ndaliika pamwamba penipeni kuti musadzanene kuti simunalione. Inu munalemba m'buku lanu kuti Ridwan anaterereka yekha ndi mvula. Kaya linali bodza, kaya unali ulesi, musankhe nokha.

Ine ndine Mwanajuma, ndimagulitsa vitumbuwa, sukulu ndinalekera giredi seveni. Ku ofesi kwanu ndafikako dzulo ndi lero, akuti muli ku msonkhano. Ndiye werengani. Lero ndi Lachitatu. Lachisanu m'mawa Cephas akukwera basi ya ku Joni, ndipo akawoloka malire simudzamuonanso.

Ridwan ankakonza mafoni pamsika, koma mtima wake unali pa gemu ya pafoni imene ankapanga. Gemuyo ndi ya kuno kwathu. Mvula yagwa, misewu yadzaza madzi, iwe ukukankha wilibala n'kumawolotsa anthu. Za m'kati zonse, zimene zimayendetsa gemu, ankalemba ndi Ridwan. Cephas ntchito yake inali kujambula zithunzi ndi kulankhula. Atabwera anthu a kampani ina ya ku Joni kuti agule gemuyo aikemo zobetcha, Ridwan anakana. Anati juga ndi haramu, chipembedzo chathu chimaletsa, dzina lake silingakhalepo. Anakangana ndi Cephas pakhomo panga, ine ndikukazinga.

Lachinayi lija la mu Febuluwale Ridwan anatuluka m'mawa sikisi itangopitirira, laputopu ili m'chikwama pachifuwa. Anati akupita ku Kalingalinga kwa Ba Marjory, mayi wodziwa za makompyuta, chifukwa gemu inali ndi vuto limene linamukanika. Eyiti koloko anamupeza m'madzi, chikwama palibe. Ife Asilamu sitigoneka maliro, tinaika tsiku lomwelo. A Shehe Mahdi amene anasambitsa thupi anaona bala kunkhongo, ndipo anakuuzani. Inu munati ndi mwala.

Cephas anakuuzani kuti anali atatha milungu iwiri osaonana ndi Ridwan, kuti gemu imene ali nayo ndi imene anapatsidwa nthawi imeneyo, kuti laputopu inapita ndi madzi. Anabwerezanso mawu omwewo pamaliro, akulira kuposa ine.

Kenako ndinalowa eda. Mkazi wamasiye kwathu amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi. Cephas anadya nafe zaka zitatu, mwambo umenewu amaudziwa. Anadziwa kuti pakamwa panga patsekedwa mpaka madzi ataphwa.

Eda inatha Lamlungu. Lolemba ndinavala nsapato.

* * *

Ba Ketty amagulitsa malasha moyang'anana ndi chigayo. Amatsegula kusanache bwino, mvula kaya dzuwa.

"Amake Jannat! Mwachoka mu nyumba? Mwaonda imwe, mayo!"

"Ba Ketty, tsiku lija munaona chiyani?"

"Ine? Nimaona chabe malasha yanga."

"Malasha alibe miyendo. Amene anadutsa apa ndani?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kupanga timilu tamalasha timene tinali topangapanga kale.

"Benze babili," anatero. "Bamuna banu na winangu, mu ambulela imozi. Banapita kuseli uko, bakamba mokweza. Papita ka nthawi, wabwela umozi."

"Nkhope?"

"Ambulela inabisa, mwandi. Koma ninaseka neka. Popita enze woonda monga ndodo, pobwela ali na mimba. Ninati uyu mwamuna bamupatsa mimba mu ten minitsi?"

"Mimba yotani?"

"Ya makona. Mu jekete."

Laputopu, Ba Nsama. Mimba ya makona.

"Apolisi munawauza?"

"Bananifunsa? Kulibe anabwela. Na ine sinifuna vokambakamba, nili na bana." Anatsitsa mawu. "Koma simuli boyamba kunifunsa. Sabata yatha kunabwela mwamuna, wovala bwino, pafyumu fungo mpaka ku chigayo. Ati, amayi, mumakumbuka vinthu? Ninati ine mutu wanga ni sefa. Anagula thumba lonse la malasha."

"Ndiye?"

"Analisiya. Ni ili apa. Niopa na kuligulitsa."

Ndinapita kukaona ngalandeyo. Yauma, muli mapepala ndi fumbi. Ndinalowamo. M'mphepete mwake munandifika m'chiuno. Mwala ndinaufunafuna, mulibe, ndi dothi lokhalokha.

* * *

Masana omwewo ndinakwera basi ya ku Matero. Cephas ali ndi kashopu kosindikiza zithunzi ndi makadi aukwati. Pakhoma panali chipepala chachikulu: wilibala, madzi, ndi dzina lake lokha. La Ridwan palibe.

"Mulamu!" Anatambasula manja ngati m'busa. "Mulungu ni wabwino! Nenze kufuna kubwela kukuonani, koma mwambo wanu uja, ninalemekeza."

Pafyumu anandilowa mpaka kukhosi.

"Ba Cephas, Lachinayi lija m'mawa munali kuti?"

"Aa, mulamu. Mukali na chisoni, nimvetsa. Nenze ku mapemphelo ku Chawama, kuchoka faifi mpaka eyiti. Bantu mahandiredi banganichitile umboni."

"Mwa anthu mahandiredi, amene anakhala pafupi nanu ndani?"

"Tikapemphela timatseka menso."

"Ambulera muli nayo?"

Anaseka, koma maso sanaseke nawo. "Lusaka yonse ili na ambulela."

"Dzina la mwamuna wanga lili kuti apa?"

"Mulamu, gemu iyi ninaigwilila nchito neka miyezi yonse iyi. Ija ananisiyila mubale wanga yenze mafupa chabe, ya kudala. Vonse va manje vinapita na manzi. Koma sinizakuibalani. Nikabwela ku Joni, Jannat azapita ku sukulu yabwino."

"Mukupita liti?"

"Pa Chisanu. Bantu baja balindila. Kwatsala chabe ka vuto kang'ono, gemu imaima pa malo yamozi. Satana safuna. Koma napeleka kuli katswili, Ba Marjory ba ku Kalingalinga, bazakonza."

Ridwan anafa ali pa ulendo wopita kwa mayi ameneyo ndi gemu yoima. Cephas sankadziwa kumene Ridwan ankapita. Akanadziwa, bwenzi atapereka kwa wina.

"Mwakhala chete, mulamu."

"Ndi mphepo ya Juni," ndinatero, n'kutuluka. Nditacheuka pa siteji, anali ataima pakhomo, akundiyang'anabe.

* * *

Lachiwiri m'mawa ndinali ku Kalingalinga. Ba Marjory amagwira ntchito m'kachipinda kuseri kwa akalipentala, utuchi mpaka pakhomo. Ndi mayi wamagalasi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerengera mwana mankhwala. Nditatchula dzina la Ridwan anavula magalasi.

"Ninamulindila tsiku lija mpaka teni. Pepani, amayi. Khalani apa."

"Gemu imene wabweretsa Cephas, vuto lake ndi chiyani?"

"Simuzamvetsa, ni va mukati."

"Ndimamvetsa ufa, mafuta ndi anthu abodza. Yesani."

Anandiyang'ana, n'kutembenuzira kompyuta kwa ine. Madzi abulauni, wilibala, tianthu taima m'mbali mwa msewu. Zonse monga ndinkazionera kunyumba. Anakankha wilibala, inanyamula bambo wachipewa, inamuwolotsa. Inanyamula nesi, inamuwolotsa. Itafika pa chigayo cha m'gemumo panali mkazi wa wigi ndi buluku lothina. Wilibala itangomukhudza, zonse zinauma. Madzi anaima, mvula inaima m'mwamba.

"Apa," anatero Ba Marjory. "Nthawi iliyonse ni apa. Mvelani. Mu gemu chinthu chilichonse chili na mtundu wake, ise timati kalasi. Pali kalasi ikulu, Munthu. Iyo ili monga mayi. Yabala bana: Wokankha na Wokwela. Wilibala ikakhudza Munthu, siifunsa. Imangoti, iwe ndiwe Wokwela, uyenda kuti? Uko ndiye timati kukasita, kutenga chinthu n'kuchiyesa mtundu wina. Ngati alidi Wokwela, ayankha, vayenda. Ngati ni m'bale wake chabe, alibe yankho, gemu yafa."

"Ngati ine ndi mchemwali wanga. Mayi mmodzi, koma mwamuna wake sangabwere kudzandifunsa kumene ndaika malaya ake."

"Ndiye ivo. Mwamvetsa kupambana Ba Cephas." Sanamwetulire. "Poyamba ninaganiza kuti ni manzi ya pa malo aya. Ninachotsa manzi, yaima. Ninaganiza kuti ni chithunzi, ninachinja, yaima. Ndiye lelo kuseni nalemba ka lamulo kakuti munthu aliyense, wilibala isanamunyamule, akambe mtundu wake. Onani pansi apa."

Anayambanso. Pansi pa kompyuta panayamba kutuluka mawu. Bambo wachipewa: Wokwera. Nesi: Wokwera. Wina, wina, wina, onse Wokwera. Wilibala inafika kwa wa wigi uja. Panatuluka mzere wofiira.

Chizungu sindichidziwa kwenikweni, Ba Nsama. Koma dzina langa ndimalidziwa. Linali pamenepo, pakati pa mawu ofiira. Mwanajuma.

"Akuti chiyani?"

"Akuti sivitheka kusandutsa Mwanajuma kukhala Wokwela. Kunja aoneka monga bonse, koma mukati ni kalasi ina. Sinidziwa chifukwa chake banaipatsa dzina la munthu." Anaima. "Amayi, dzina lanu ndimwe bandani?"

Ndinamuuza. Kenako ndinamuuza za Lachitatu, tsiku loti mawa lake Ridwan afa.

Magetsi anabwera masana tsiku limenelo. Ine ndinali kukanda ufa, iye anakhala pampando ndi laputopu pamiyendo, akumwetulira yekha. Anandiitana. "Amake Jannat, bwera udzione." Pafupi ndi chigayo panaima kamayi ka mpango wobiriwira, beseni la vitumbuwa pamutu. Anakajambula yekha, miyendo ngati timitengo.

"Ine miyendo yanga ili choncho?"

"Kujambula si ntchito yanga. Koma taona, wokankha akatopa azigula kwa iwe, mphamvu zizibwerera. Ndalemba dzina lako m'kati mwenimweni."

Anakankha wilibala kuti andionetse. Itandikhudza, gemu inauma. Anayesanso, inauma. Anagwira mutu. "Ngakhale mu gemu ukukana kunyamulidwa!" Ndinati ine ndili pa ntchito, ndikwere wilibala ndipite kuti? Tinaseka mpaka mafuta anapserera. Analimbana nayo mpaka dzuwa kulowa, m'mawa anayesanso asanamwe tiyi, n'kunena kuti basi, apite nayo kwa Ba Marjory.

Nditamaliza, Ba Marjory anatsegula foni. Meseji ya Ridwan inalipobe, ya Lachitatu madzulo. Anandiwerengera. Ridwan anati wawonjezera kalasi yatsopano lero, ikukana kukasita, sanatumizire munthu aliyense, abwera nayo pamanja mawa. Kenako anatsegula pamene pamaoneka masiku a mafailo. Failo ya dzina langa inasungidwa komaliza Lachinayi lomwelo, sikisi koloko m'mawa.

"Ba Cephas bananiuza kuti iyi ni ya kudala," anatero. "Ya masabata yabili asanafe."

"Ndiye mayi amene anabadwa Lachitatu walowamo bwanji?"

Ba Marjory anatsegula malo a zithunzi. Chithunzi cha wa wigi chinaikidwa mu Malichi, Ridwan ali kale m'manda.

"Cephas anaona ka mayi ka mpango, anadziwa kuti ndimwe," anatero Ba Marjory. "Kukachotsa anaopa kuononga vonse, sadziwa va mukati. Ndiye anachinja chabe vovala. Iye amaganiza kuti munthu ni chithunzi. Mizele yofiila saibelenga."

Anandivula mpango, Ba Nsama. Anandilanda beseni, anandiveka wigi ndi buluku, ine ndili m'nyumba kulira mwamuna amene iye anapha.

"Kukonza n'kovuta?" ndinafunsa.

"Mzele umozi. Wilibala iyambe yafunsa kuti, kodi ndiwe Wokwela? Ngati iyayi, ipitilile. Maminitsi yabili."

"Musakonze."

"Sinizakonza. Lekani nikope vonse, nijambule na foni."

Anali atangomaliza kujambula pamene makina a akalipentala panja anazima. M'chetemo ndinamva nsapato pa utuchi. Fungo linalowa munthu asanalowe.

* * *

"Aa. Mulamu. Lusaka ni ing'ono."

Cephas anaima pakhomo, dzanja limodzi pa felemu. Khomo la kachipindako ndi limodzi, zenera lili ndi zitsulo. Anayang'ana ine, anayang'ana Ba Marjory, kenako kompyuta. Mzere wofiira unali pomwepo. Ndinaona milomo yake ikuyenda. Kwa nthawi yoyamba anawerenga.

"Ba Marjory, mwakonza?"

"Ikali. Ni yovuta."

"Yovuta." Analowa, n'kutseka chitseko ndi chidendene. "Ninamvela kuti ndimwe katswili."

Ndinaimirira. Ulemu ndinausiya pampando.

"Iwe Cephas. Ine ndalowamo bwanji mu gemu yako yakale?"

"Mubale wanga ananitumizila."

"Liti?"

"Sinikumbuka."

"Apolisi unawauza milungu iwiri. Pamaliro unalira n'kumanena milungu iwiri yomweyo. Dzulo lomweli wandiuza kuti zatsopano zinapita ndi madzi. Madziwo anakubweretsera ku Matero?"

"Mulamu, chisoni chimadwalitsa mutu."

"Mpango wanga uli kuti?"

Apo nkhope inasintha. Ubusa wonse unachoka, panatsala munthu amene Ba Ketty anamuona ndi mimba ya makona. Sanakuwe. Anatambasula dzanja pang'onopang'ono, anazula pa kompyuta fulashi yake imene munali gemu, n'kuiika m'thumba la malaya.

"Nizapeza wina wokonza. Ba Marjory, mumaseŵenza mweka muno? Bakalipentala bakayatsa makina, munthu angakuwe, kulibe angamvele." Anatembenukira kwa ine. "Na imwe mulamu, muziyenda bwino. Jannat amapita ku madrasa na njila ya ku chigayo, si mwamene? Nimamuona. Akula."

Anatsegula chitseko, anatuluka, sanatseke. Panja makina anayambanso kulira.

Ba Marjory anakhala pansi. Kenako anatenga fulashi ina m'kabati, anakoperamo zonse, n'kundipatsa.

"Imozi kuli imwe, imozi kuli ine. Nipita kuli mukulu wanga ku Kabanana lelo. Bapolisi bakaniitana, nizabwela nikambe vonse, koma mu ofesi, osati mu njila. Ndipo amayi, fulumilani. Aliyense wodziwa angakonze ichi, angachinje na dzina. Akafika nayo ku Joni izakhala yoyela."

"Ndiye dzina langa lifafanizika?"

"Mu yake. Mu yathu iyayi. Koma umboni ulibe nchito ngati munthu wapita."

* * *

Kuchokera kumeneko ndinabwera molunjika ku ofesi kwanu. Wapakauntala anandifunsa ngati ndabwera kudzadandaula za gemu ya pafoni, anzake n'kuseka. Ndinati ndabwera za munthu wakufa. Anati doketi ya mlanduwo inatsekedwa, mwini wake ali ku msonkhano. Lero chimodzimodzi.

Jannat ndamuchotsa, ali kwa achimwene anga, ndipo sindilemba kuti ndi kuti. Ine ndili pakhomo panga, sindithawa. M'mawa uno ndapeza thumba la malasha lili tsonga pakhomo, lomanga bwino. Sindinagule malasha. Ndathamangira kwa Ba Ketty, pamalo pawo palibe munthu. Oyandikana nawo akuti sanatsegule, ndipo chiyambire sanajombepo.

Ndiye ntchito yanu ndakugwirirani, ine wa giredi seveni. A Shehe Mahdi anaona bala. Ngalande ilibe mwala, pitani mukalowemo nokha. Ba Ketty anaona awiri akupita, mmodzi akubwera, ndipo muwapeze lero, osati mawa. Meseji ya Ridwan ili m'foni ya Ba Marjory. Failo ili ndi tsiku ndi ola. Mawu a Cephas ali m'buku lanu lomwe, munalemba ndi dzanja lanu, milungu iwiri. Ikani zimenezi pamodzi, muone ngati zikukwana mwa munthu woterereka.

Mwina mukuti ine sindidziwa malamulo. Zoona, sindiwadziwa. Mwina mukuti failo si mpeni. Chabwino, kamufunseni iyeyo kumene anaitenga, mumuyang'ane pakamwa. Kamufunseni amene anakhala naye pafupi ku mapemphero. Kafufuzeni m'shopu mwake ndi kunyumba kwake, laputopu ya Ridwan ili ndi chivundikiro chong'aluka pakona, anachimata ndi tepi wakuda. Ine sindingathyole chitseko cha munthu. Inu mungathe.

Kalatayi ndailemba katatu. Imodzi ndasiya pa kauntala yanu, ina kwa a Shehe, ina ili kumene ili fulashi. Chikandichitikira chinthu, anthu adziwa kuti munauzidwa Lachitatu.

Mawa, Lachinayi, seveni koloko, ndikhala pa benchi ya panja pa ofesi yanu. Sindibweretsa vitumbuwa, sindibwera kudzapempha. Mukadzera khomo lakumbuyo ndikaima komweko. Mundiuze pamaso, anzanu oseka aja akumva: mukukamugwira Cephas basi isananyamuke, kapena mukumusiya apite? Ngati mukumusiya, mundiuze chifukwa chake, ndipo mulembe ndi dzina lanu pansi.

Ndiyankheni, Ba Nsama.